Mpanda Wanga ndi Mboni Zitatu Zakumwamba

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chithupsa cha pamalo osaonetsa. Kwathu ku Dowa sanaimve, ku ofesi akudziwa theka, ndipo mkazi wanga amaitulutsa pokhapokha ndikayamba kuyankhula mokweza. Koma ndamva kuti ku New Shire akuifotokoza atathira mchere wambiri, ndiye bola manyazi angawa ndiwagawe ndekha.

Dzina langa ndine Lameki Kamwendo. Ndimapanga mapu pa kompyuta ku kakampani kena mu tauni. Ntchito yake ndi yotenga zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba n'kuziphatikiza kuti zinene chinthu chimodzi.

Zithunzizo zilipo mitundu itatu. Satelayiti imajambula dera lalikulu, koma nyumba zimaoneka ngati mpunga wotayika, ndipo kukachita mitambo imakhala yakhungu. Reda alibe nayo ntchito mitambo, amangobowola, kungoti chithunzi chake ndi madontho okhaokha ngati nthenga za nkhanga. Droni imauluka pafupi, imaona ngakhale kabudula woyanika pachingwe, koma imatopa msanga. Chilichonse pachokha ndi mboni ya diso limodzi. Ukazisanjikiza m'pamene umaona zenizeni.

Lamulo lake ndi limodzi. Usanasanjikize, pita pamalopo ndi makina a GPS, ukayeze malo angapo odziwika, kuti zithunzizo zikhale ndendende china pamwamba pa chinzake. Lamulo limeneli ine ndimaphunzitsa anthu m'mawekishopu.

Ndimakhala ku Nsungwi m'nyumba ya lendi, bafa limodzi mabanja anayi. Zaka zonse zogwira ntchito ndinapindula chinthu chimodzi chokha: puloti ku Area 49, ku New Shire. Nyumba ndinali ndisanamange, koma mpanda ndinamanga. Wa njerwa zootcha, wautali, pamwamba mabotolo osweka, ngakhale mkatimo munalibe choba kupatula chisoso ndi bonongwe. Unanditengera zaka zitatu. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndinkakwera minibasi kukangouyang'ana, manja m'thumba, ngati munthu woyendera ng'ombe zake.

Oyandikana nawo anali a Mhango, mphunzitsi wopuma ntchito wochokera ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu woyankhula pang'onopang'ono ngati akuyamba wachonga mawu asanawatulutse. Iwo anali atamanga kale kanyumba kawo, ankakhalamo ndi akazi awo, NyaChirwa. Simenti yanga inkasungidwa pakhonde pawo. Amisiri anga ankamwa madzi kwawo. Tsiku loyamba kukumba mpanda a Mhango anandifunsa kuti, "A Kamwendo, bikoni mwaiona?" Ankanena kachipilala ka simenti kaja kosonyeza malire. Ine ndinaseka.

"Adada, ine ndi wa mapu. Malire ndimadya nawo."

Iwo anangoti, "Chabwino," n'kubwerera kukathirira tomato wawo.

Tsono nyengo ya mvula ina kampani yathu inapeza ntchito yoona malo amene madzi amavuta. Anzanga anakaulutsa droni ku Area 49. Zithunzi zitafika ku ofesi, zidakali zaziwisi, zosakonza, ine ndinachita zimene aliyense angachite: ndinayamba ndi kufufuza puloti yanga.

Mpanda wanga unali pomwepo, wokongola ngati wojambula ndi rula. Koma kuseri kwake, mbali ya a Mhango, kunali chinthu chachilendo. Faundeshoni yatsopano, ya zipinda ziwiri.

Mtima unangoti tiyeni tione. Ndinatsegula chithunzi chakale cha satelayiti chimene tinalembapo mizere ya mapuloti onse a kumeneko. Anyamata a GPS anali asanapite kukayeza, ndipo ine sindikanatha kudikira sabata yathunthu. Ndinafuna chinthu chooneka pa zithunzi zonse ziwiri. Pa chakale panali chulu pakona pa puloti yanga. Pa chatsopano panalinso chulu. Ndinagwira chithunzi cha droni ndi mausi, kuchikoka mpaka chulu chinakhala pamwamba pa chulu.

Amayi ine! Faundeshoni yonse ya a Mhango inalowa mkati mwa mizere yanga.

Ndinawonjezera reda, n'kumukokanso chimodzimodzi. Dontho loyera mbee, chizindikiro cha malata, linagwera pamalo omwewo. Basi, mlandu watha. Mkulu wa mpingo anasuntha bikoni ndisanamange mpanda, kundidyera malo okwana nyumba yonse, kwinaku akundisungira simenti!

Ndinasindikiza mapu aakulu ngati mphasa, ndinawakutira pulasitiki, n'kupita nawo kunyumba. Mkazi wanga, mayi a Tadala, anawayala patebulo n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tadala, chofiirachi ndi mpanda wathu?"

"Eya."

"Nanga bwanji mbali inayi waima pakati pa msewu?"

Ndinayang'ana. Zoonadi, khoma la kumsewu linali litatuluka mu mzere, lili pakati penipeni pa msewu ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

"Zimenezo ndi zazing'ono," ndinatero. "Kuntchito timazitcha error."

"Error yakeyo imagwira mbali imodzi yokha?"

"Mayi a Tadala, inu mumagulitsa zitenje. Ine ndinayamba ndakuuzani mtundu wa chitenje woti muode?"

Anapinda mapuwo bwinobwino. "Ndipita nawo," anatero. "Osati kukakuthandizani. Kukakunyamulani."

Loweruka m'mawa tinafika. Amisiri atatu anali akuyala njerwa, wailesi ikulira, a Mhango atakhala pa chidebe akuyang'anira. Atationa anadzuka ndi chimwemwe.

"A Kamwendo! Amama! Mwafika bwino, tiyi ali pamoto."

Ine sindinayankhe moni. Ndinapita molunjika pa faundeshoni, ndinaponda chingwe cha amisiri, zikhomo zinazuka.

"Imitsani ntchito! Pano ndi panga!"

Wailesi inazimitsidwa. NyaChirwa anatuluka m'nyumba ali ndi sefa m'manja.

"Kwagwanji?"

"Kwagwa kuba, amama! Kuba kwa masana, kovala jekete la tchalitchi!"

Ndinatambasula mapu pamulu wa mchenga. Anthu anayamba kubwera: amayi ochokera kumjigo, akabaza, bambo wina wa okala ali ndi buledi m'manja. Ine ndikaona gulu ndimasanduka mphunzitsi. Ndinathyola kamtengo n'kuyamba kuloza.

"Iyi ndi satelayiti. Iyi ndi droni. Uyu ndi reda. Mboni zitatu, zonse zochokera kumwamba! Sizidya ziphuphu, sizipemphera ndi munthu, zilibe mtundu!"

Wakabaza wina anaimba mluzu. "Koma ndiye madala agwidwa ndi ndege!"

A Mhango anavala magalasi, anawerama, anayang'ana mapuwo mofatsa ngati akuchonga mayeso.

"Mwana wanga," anatero, "tiyeni tilowe m'nyumba. Nkhani iyi si ya pamsewu."

"Ayi! Munaba poyera, tikamba poyera!"

"Kanyumba aka tikumangira mwana wathu wamkazi. Mwamuna wake anamwalira, achibale anamuthamangitsa ndi ana. Tiyeni timwe tiyi, ndikuuzeni kanthu kena inu nokha."

Munthu wanzeru akanamva mawu akuti "inu nokha". Mkazi wanga anawamva, anandikoka malaya. Ine ndinamva kuti mdala wayamba kupempha chifundo.

"Zomvetsa chisoni, adada, koma amasiye sasungidwa pa malo akuba."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo manyazi amandigwira.

Ndinang'amba pepala m'kope langa n'kulemba ndi dzanja langa, ndikuwerenga mokweza. Tiitane saveya. Amene apezeke kuti walowa m'malo a mnzake agwetse chimene wamanga pasanathe sabata. Ndinayang'ana manja a mdalayo, owonda ndi ukalamba, ndipo Satana anandinong'oneza mzere wina. Ndinawonjezera kuti: ndi manja ake, popanda waganyu.

Ndinasayina ndi siginecha yanga ya ku banki, yokhala ndi mchira.

"Izi sindisayina," anatero a Mhango. "A Kamwendo, ndikukupemphani kachitatu, ng'ambani pepalali."

"Mwaona? Akuopa!"

NyaChirwa anaika sefa pansi. Anapukuta manja pachitenje.

"Yayi, adada, mwanayu wafuna yekha. Bweretsani cholemberacho."

Anasayina iwo, n'kuwagwiritsa amuna awo cholembera mpaka nawonso anasayina. Wa okala ndi wakabaza anakhala mboni. NyaChirwa anapinda pepalalo kanayi n'kuliika pachifuwa, mkati mwa bulauzi, kumene ngakhale droni singafike.

Saveya anabwera Lachitatu. Ndinapempha tchuthi ku ofesi, ndinavala shati yoyera. Gulu linali lalikulu kuposa la Loweruka, ena anabwera ndi mipando. Galimoto itaima munatuluka mayi wachitsikana wovala chipewa ndi majombo. Atangondiona anakuwa.

"Aphunzitsi! Ndinu? Ndine Mayi Banda, munatiphunzitsa ku wekishopu ija ya kuphatikiza zithunzi!"

Ndinatukula chifuwa, ndinayang'ana gulu kuti limve. Ndinamupatsa mapu.

Anawayang'ana. Anawatembenuza. Anayang'ana msewu, anayang'ananso mapu.

"Aphunzitsi, pansi pano munayeza malo angati?"

"Ndinagwiritsa ntchito chizindikiro chachilengedwe."

"Chiti?"

"Chulu."

"Ndi chiyaninso?"

"Chulu basi. Chulu sichiyenda."

Anatsitsa mawu kuti ena asamve, koma ku New Shire anthu amamva ndi khungu lomwe. "Paja munkati malo amodzi sakwanira. Munatilembetsa kawiri m'makope."

"Chulu chake chiti?" anafunsa NyaChirwa.

Ndinaloza monyadira. Chinali kumbuyo kwa khitchini yawo, chamera nsenjere pamwamba.

"Icho ndi chathu," anatero. "Chakhala pamenepo chikhalire. Inu mukunena china chija chinali pakona panu."

"Chinalipo china?"

"Zinalipo ziwiri. Chachikulu chinali chanu. Ichi pa nthawiyo chinali m'tchire, sichinkaoneka."

"Nanga changacho chili kuti?"

NyaChirwa anayenda pang'onopang'ono mpaka pa mpanda wanga. Anaumenya ndi chikhatho katatu, pha, pha, pha!

"Ichi. Munaimba foni nokha kuti anyamata asagule dothi, akumbe chulu aumbe njerwa. Chulu chanu ndi ichi, a Kamwendo, mwachiika mabotolo pamutu."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindinakumvepo ngakhale ku bwalo la mpira. Mayi wina anagwa pampando. Wakabaza ankamenya chishalo cha njinga yake akulira misozi.

"Ndiye kuti chulu chinayenda!" anakuwa wa okala.

Ndinayesa kamfundo komaliza. "Nanga reda? Dontho loyera lija?"

"Limenelo ndi denga la nyumba yawo yakaleyi," anatero Mayi Banda. "Munalikoka limodzi ndi zinazo. Komanso dontho limodzi la reda limaphimba malo aakulu, aphunzitsi, simungaweruze nalo malire."

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Ndipepesa, ndigula shuga ndi buledi, tikhululukirana. Ndinayamba kupinda mapu.

"Poti ndabwera kale, ndipeze bikoni," anatero Mayi Banda.

Anayatsa makina ake, anayenda nawo motsata khoma. Anaima, anapukusa mutu, anandipempha kiyi wa geti. Gulu lonse linalowa naye mu puloti yanga, kupondaponda bonongwe wanga. Anayenda mapazi awiri aakulu kuchokera pakhoma kulowa mkati, n'kuloza pansi.

"Kumbani apa."

Khasu linamenya kawiri, kachitatu linalira ngwee! Bikoni. Yathunthu, yosasuntha, nambala yake ikuoneka, ili mkati mwa mpanda wanga. Kumbuyo anapezanso inzake, nayonso mkati. Khoma langa lonse la mbali imeneyo, kuyambira kumsewu mpaka kumapeto, linali pa malo a a Mhango.

Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana nsapato zawo.

"Adada, munkadziwa?"

"Kuyambira tsiku lokumba."

"Osanena bwanji?"

"Ndinafunsa za bikoni, munati malire mumadya nawo. Ndiye tinakambirana ndi amayiwa kuti mwanayu wavutika kumanga, mapazi awiri satipha. Tiyi uja ndinkafuna ndikuuzeni zimenezi."

Kukhala wakuba n'kowawa. Koma kukhala wakuba amene anakhululukidwa kale zaka zitatu zapitazo iwe osadziwa, n'kubwera ndi mapu okutira pulasitiki kudzatukwana okukhululukirawo, chimenecho chilibe dzina m'Chichewa.

"Zisiyeni," anatero a Mhango. "Mpanda ukhale. Pepala lija ling'ambidwe."

NyaChirwa analowetsa dzanja m'bulauzi. Anatambasula pepalalo n'kuliwerenga lonse mokweza, mwa mawu a mayi wotsogolera nyimbo. Atafika pa mzere womaliza anaubwereza.

"Ndi manja ake. Popanda waganyu. Mwana wanga wamasiye anamva zonse ali m'nyumbamo Loweruka lija, sanadye masiku awiri. Amuna angawa akhululuke, ndi ntchito yawo ku mpingo. Ine ndasunga pepala."

Ndinatembenukira kwa mkazi wanga kuti andithandize.

"Gwetsani, bambo a Tadala," anatero osandiyang'ana. "Mukausiya, ine sindidzatha kupempha ngakhale moto kwa anthu awa."

Ndinawonjezera masiku a tchuthi, ku ofesi ndinanena kuti ndikudwala malungo. Lisanafike Loweruka kunagwa chimvula, ndiye ndinayamba ntchito m'matope. Hamala ndinabwereka kwa amisiri omwe aja ndinawapondera chingwe. Anandipatsa yolemera kuposa zonse.

Simudziwa kuti munamanga zolimba mpaka mutayamba kugwetsa nokha. Simenti ija ndinkaumirira kuti asaibe inalimo yonse. Mabotolo aja ndinaikira akuba anacheka mwini wake m'manja monse. Pofika masana shati ndinavula, matuza anaphulika, msana unakana. A Mhango anabwera kawiri ndi chitsulo kuti andithandize, kawiri konse NyaChirwa anawabweza ndi diso lokha. Madzi akumwa ankanditumizira, zimenezo sindinganame. M'kapu yabwino, ya alendo.

Masiku anayi. Tsiku lachinayi khoma linali mulu wa zidutswa, ine nditakhala pamwamba pake, wopanda malaya, matope mpaka m'mawondo, mutu uli m'manja. Ndinamva kulira kwa chinthu ngati njuchi m'mwamba, koma ndinati ndi mutu ukuzungulira.

Patatha masabata awiri tinali ndi msonkhano waukulu ku hotela ina, kuonetsa ntchito yathu kwa amene anaipereka. Ine ndinakhala kutsogolo, manja obisa pansi pa tebulo. Abwana anayatsa pulojekita.

"Mvula yaikulu ija itagwa tinaulutsanso droni," anatero. "Titaphatikiza zithunzi zatsopano ndi zakale, ndi za reda zoonetsa pamene panadikha madzi, kompyuta inatipezera yokha malo onse amene zinthu zinawonongeka."

Pa mapu panatuluka madontho ofiira. Limodzi linali lalitali, loongoka bwino, ku New Shire. Ndinalizindikira nthawi yomweyo.

"Taonani apa. Khoma lathunthu linagwa. Tiyeni tiyandikire."

Anayandikira. Anayandikiranso. Droni ija imaona kabudula pachingwe, ndiye munthu ingamuphonye? Pakhoma lonse la holo panadzaza msana wakuda wonyezimira ndi thukuta, kadazi pamutu, munthu atakhala pa zidutswa atagwira mutu. Nkhope yokha ndiyo sinkaoneka.

Holo yonse inati, "Aaa, shame!" Mayi wina mlendo anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso.

"Kuseri kwa dontho lililonse kuli munthu," anatero abwana ndi mawu a pamaliro. "Bambo uyu mwina anasonkhanitsa zaka zambiri kuti amange. A Kamwendo, paja inu muli ndi puloti chakumeneko. Mukamufunefune, mukacheze naye, nkhani yake tiike pachikuto cha lipoti."

"Ndikumudziwa, bwana."

"Mukumudziwa? Ndi munthu wotani?"

"Ndi chitsiru."

Abwana anavula magalasi. Pamaso pa alendo onse, maikolofoni ili pakamwa, anandidzudzula.

"A Kamwendo! Mulibe chisoni? Sukulu isakupangitseni kunyoza anthu ovutika! Mudzapite mukamupepese!"

Ndinalonjeza kuti ndikamupepesa, koma mpaka lero sitiyankhulana bwino.

Kumwamba kumaoneka madenga okha, anzanga. Malire amaoneka ukawerama.